Madandaulo a oyesa mapulogalamu a kompyuta ndi foni samveka mofanana

Pa 2 Okutobala 2018 kampani ya Microsoft ya m'dziko la America idayamba kugawa mtundu watsopano wa Windows 10, pulogalamu yomwe panthawiyo inkayendetsa makompyuta ochuluka zedi m'maofesi ndi m'makomo padziko lonse. Pasadathe sabata, kampaniyo idaimitsa ntchito yogawayo kaamba koti anthu ena omwe adalandira pulogalamuyo adapeza kuti makalata, zithunzi ndi mafayilo ena omwe adasunga m'makompyuta awo afufutika.

Vuto lenilenilo silidadabwitse akatswiri ambiri, poti palibe pulogalamu yopanda chilema. Chomwe chidawadabwitsa n'chakuti vutoli lidali litaoneka kale. Ena mwa anthu omwe adadzipereka kuyesa pulogalamuyo isadatulutsidwe adalembera kampaniyo miyezi ingapo m'mbuyomo kuti mafayilo awo akusowa, koma malipoti awo adakwiririka pakati pa madandaulo ena miyandamiyanda.

Nkhaniyi ndi yofunika kuiunika bwino, makamaka kwa akuluakulu omwe amasamala makompyuta ndi zikalata za m'maofesi, chifukwa makampani onse akuluakulu opanga mapulogalamu oyendetsa makompyuta ndi mafoni a m'manja masiku ano amadalira anthu wamba kuti awathandize kupeza zolakwika. Pulogalamu ikakhala kuti yatsala pang'ono kutha, kampani imatulutsa mtundu woyeserera, womwe umatchedwa beta, kuti aliyense wofuna auike m'makina ake, augwiritse ntchito ndi kunena zomwe wakumana nazo. Kampani ikamadzagulitsa pulogalamuyo imanena monyadira kuti anthu mamiliyoni adaiyesa. Funso n'lakuti, mwa zonse zomwe anthu amenewa amanena, ndi ziti zomwe zimafika m'makutu mwa opanga pulogalamu?

Mchitidwewu sudayambe dzulo. Mu Sepitembala 2000 kampani ya Apple idagulitsa mtundu woyeserera wa Mac OS X pamtengo wa madola 29.95, kutanthauza kuti anthu adalipira ndalama kuti agwire ntchito yopezera kampaniyo zolakwika. Mu mtundu umenewo chizindikiro cha Apple chidaikidwa pakati pa mzere wa pamwamba pa sikirini ngati chokongoletsa chabe, pomwe anthu adazolowera kuchipeza kumanzere n'kuchidina pofuna zinthu zosiyanasiyana. Oyesawo adadandaula kwambiri, ndipo pomwe pulogalamuyo inkatuluka mu Malichi 2001 chizindikirocho chidali chitabwerera kumanzere, chikugwiranso ntchito.

Microsoft nayo idaona mphamvu ya anthu oyesa mu Januwale 2009, pomwe idatulutsa beta ya Windows 7. Panthawiyo anthu ambiri adali atatopa ndi Windows Vista, yomwe ankaidandaula kuti ndi yolemera komanso imafunsa chilolezo pa kanthu kalikonse. Ofuna kutenga beta yatsopanoyo adachuluka kwambiri moti makompyuta akuluakulu a kampaniyo adalephera kupirira, ndipo ntchito yogawa idachedwa ndi tsiku limodzi. Kampaniyo idali itaika malire oti anthu 2.5 miliyoni okha ndiwo alandire, koma idawachotsa malirewo.

Patangopita milungu yochepa, oyesa ena adaonetsa poyera kuti pulogalamu yoipa itha kuzimitsa chitetezo chofunsa chilolezo cha mu Windows 7 mwini kompyuta osadziwa. Poyamba Microsoft idati limeneli si vuto, idachita kupanga choncho mwadala. Phokoso litakula, mu Febuluwale chaka chomwecho akuluakulu a kampaniyo adavomera kusintha. Windows 7 idatuluka pa 22 Okutobala 2009 ndipo idalandiridwa bwino, moti maofesi ambiri adaikakamira kwa zaka zoposa khumi.

Izi zidapatsa anthu chikhulupiriro choti oyesa akalankhula kampani imamva. Koma zomwe zidachitika ndi Windows 8 zidaonetsa kuti kumvako kuli ndi malire.

Pa 29 Febuluwale 2012 Microsoft idatulutsa mtundu woyeserera wa Windows 8 wa anthu onse, ndipo udatengedwa ka 1 miliyoni pa tsiku loyamba lokha. Omwe adauika adapeza kuti batani la Start, lomwe lidakhala pakona ya kumanzere m'munsi mwa sikirini kuyambira mu Windows 95, lachotsedwa, ndipo m'malo mwake mwabwera sikirini yodzadza ndi timabokosi tomwe tidapangidwira makina odina ndi chala. Dandaulo lidali lalikulu ndipo lidamveka kwa miyezi yambiri: munthu wogwira ntchito ndi kiyibodi pa tebulo la mu ofesi ankasokonezeka ngakhale pofuna kungozimitsa kompyuta. Kampaniyo idayankha kuti ziwerengero zomwe inkatolera m'makompyuta a anthu zinkaonetsa kuti anthu adachepetsa kugwiritsa ntchito Start. Zoona zake n'zakuti kampaniyo idali itatsimikiza kale mtima kupikisana ndi iPad ya Apple, ndipo maganizo a oyesa sakadasintha njira yomwe akuluakulu adasankha.

Windows 8 idatuluka pa 26 Okutobala 2012 yopanda batanilo. Mwezi wotsatira mkulu woyang'anira Windows, a Steven Sinofsky, adachoka pakampaniyo. Batani la Start lidabwerera mu Okutobala 2013 mu Windows 8.1, ndipo mndandanda wake wonse udadzabwerera mu Windows 10 pa 29 Julayi 2015. Chomwe oyesa adanena kwaulere mu 2012, kampaniyo idadzachivomera patapita zaka zitatu, ogula atakana katundu wake.

Kumbali ya mafoni, Apple yakhala ikubwerera m'mbuyo msanga pa nkhani za maonekedwe. Mu Juni 2021, mu beta yoyamba ya iOS 15, kampaniyo idasamutsira m'munsi mwa sikirini malo olembapo adiresi mu Safari, pulogalamu yowerengera za pa intaneti, n'kubisa mabatani ena omwe anthu adawazolowera. Pofika mu Ogasiti, pulogalamuyo isadatuluke, idali itakonza maonekedwewo ndi kupatsa anthu ufulu wobwezera malowo pamwamba. Zofanana ndi zimenezi zidachitikanso mu 2025 ndi iOS 26, yomwe idabwera ndi maonekedwe onga galasi otchedwa Liquid Glass. Oyesa oyamba adadandaula kuti zilembo sizikuwerengeka bwino chifukwa zithunzi za kuseri zinkaonekera. Apple idasintha kuonekera kwa galasilo kangapo m'mitundu yoyeserera yotsatira, ndipo mu Novembala 2025 idaika batani loti wofuna adetse galasilo.

Tikaika zitsanzo zimenezi pamodzi, pali chinthu chimodzi chomwe chikuonekera. Madandaulo omwe amamveka msanga ndi a zinthu zomwe munthu aliyense amaziona ndi maso akangoyatsa makina: batani lasamuka, mtundu wasintha, zilembo zazilala. Zinthu zotere zimakhudza oyesa onse nthawi imodzi, n'zosavuta kuzijambula ndi kuzionetsa kwa ena, ndipo atolankhani amazilemba tsiku lomwelo. Vuto lomwe limagwera munthu mmodzi pa anthu zikwizikwi lilibe mwayi wotere, ngakhale litakhala loopsa kuposa onsewo.

Apa ndi pomwe nkhani ya 2018 ikufunika kuifotokoza mwatsatanetsatane. Mu Okutobala 2014 Microsoft idakhazikitsa ndondomeko ya Windows Insider, yomwe imalola anthu wamba kulandira mitundu yoyeserera ya Windows nthawi ndi nthawi. Izi zidachitika patangopita miyezi yochepa kampaniyo italengeza, mu Julayi 2014, kuti ichotsa ntchito anthu okwana 18,000. Ambiri mwa iwo adali ochokera ku gawo la mafoni la Nokia lomwe idagula, koma chiwerengero cha ogwira ntchito yoyesa mapulogalamu nacho chidachepetsedwa. Kuchokera pamenepo gawo lalikulu la ntchito yopeza zolakwika lidatsamira pa anthu odzipereka ndi pa ziwerengero zomwe makompyuta amatumiza okha ku kampani.

Oyesawo amalemba zomwe apeza pamalo amodzi, ndipo ena omwe akumana ndi vuto lomwelo amaliponyera voti. Lipoti lomwe lapeza mavoti ambiri limakwera pamwamba n'kuonedwa. Njira imeneyi imaoneka yachilungamo, koma imayesa kuchuluka kwa odandaula, osati kukula kwa tsoka. Pempho loti mtundu wa foda usinthe litha kupeza mavoti zikwi, pomwe munthu yemwe wataya makalata a zaka khumi amapeza mavoti owerengeka chifukwa anzake ambiri sadakumane nazo.

Kufufutika kwa mafayilo kudali kwa mtundu umenewu. Kunkagwera anthu omwe adauza Windows kuti foda yosungiramo makalata kapena zithunzi isamukire malo ena, koma mafayilo ena n'kutsalira pamalo akale. Pulogalamu yatsopanoyo inkaganiza kuti foda yakaleyo ndi yopanda kanthu ndipo inkaichotsa pamodzi ndi zonse zomwe zidali m'katimo. Microsoft idati vutoli lidakhudza kompyuta imodzi pa makompyuta 10,000 alionse omwe adalandira mtunduwo. Chiwerengerochi chimamveka chaching'ono pokhapokha ngati kompyuta imodziyo si ya mu ofesi yosunga malekodi a malo, a penshoni kapena a milandu. Kampaniyo idavomereza kuti njira yake idalephera, ndipo idaonjezera malo oti wolemba lipoti azinena kukula kwa vuto lake. Pulogalamuyo idayambanso kugawidwa pa 13 Novembala 2018.

Palinso nkhani ya anthu omwe amayesawo. Munthu amene amaika beta m'makina ake nthawi zambiri amakhala wokonda zaukadaulo, wokhala ndi kompyuta kapena foni yatsopano, intaneti yothamanga yoti n'kutengera mafayilo akuluakulu sabata ndi sabata, komanso nthawi yosewera ndi makinawo. Kalaliki wa pa boma yemwe amagwiritsa ntchito kompyuta yakale, makina osindikizira a zaka zambiri ndi pulogalamu ya zachuma yomwe idalembedwera unduna wake wokha, sapezeka m'gulu limeneli. Kotero kampani ikanena kuti anthu mamiliyoni ayesa pulogalamu yake sikuti ikunama, koma sadaiyese pa makina ndi mapulogalamu a mu ofesi yathu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati mutha kukhala nyerere zomwe oyesa a kutali sadazione.

Izi sizikutanthauza kuti maganizo a oyesa ndi opanda pake. Pa nkhani ya Windows 8 iwo adalosera molondola, ndipo ofesi yomwe idawamvera n'kukhalabe pa Windows 7 idapewa kuononga ndalama zophunzitsira antchito pulogalamu yomwe idadzasinthidwanso. Komanso madandaulo ambiri a sabata yoyamba amakhala a chizolowezi chabe, moti ena mwa omwe adakwiya ndi Safari mu 2021 adadzazolowera adiresi ya m'munsi. Wowerenga malipoti a oyesa ayenera kusiyanitsa yemwe akuti sakukonda maonekedwe ndi yemwe akuti wataya katundu, ndipo wachiwiriyu ayenera kumveka ngakhale atakhala yekha.

Kuika beta m'makina a ofesi ndi nkhani ina, ndipo apa sipafunika kuzengereza: si koyenera. Makampani eni ake amachenjeza kuti mitundu yoyeserera isaikidwe pa makina omwe munthu amadalira pantchito. Wolowa mu Windows Insider amayenera kulola kompyuta yake kutumiza ku kampani zambiri za momwe ikugwiritsidwira ntchito, ndipo chikalata cha mtundu woyeserera wa Windows 10 mu 2014 chidanena poyera kuti kampani itha kutolera ngakhale zilembo zomwe munthu akulemba. Wogwira ntchito m'boma yemwe amasunga zinsinsi za ofesi sangavomere zimenezi mwa iye yekha. Pa iPhone napo, wofuna kuchoka pa beta kubwerera ku pulogalamu yakale amayenera kufufuta zonse za m'foni, ndipo zomwe adasunga ali pa beta sizibwezeretseka pa mtundu wakalewo.

Nkhaniyi yakulanso chifukwa Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, zomwe zikukakamiza maofesi ambiri kusamukira ku Windows 11, yomwe nayo imalandira mtundu watsopano chaka ndi chaka. Nthambi zoona za makompyuta m'maunduna ndi m'makhonsolo zili ndi mphamvu yochedwetsa mitundu yatsopanoyi, kuiyesa kaye pa makompyuta ochepa omwe ali ndi mapulogalamu enieni a pantchito, ndi kuonetsetsa kuti mafayilo akopedwa n'kusungidwa pena asadasinthe kanthu. Ntchito imeneyi siifuna ndalama zambiri. Imafuna lamulo lomveka loti wantchito asamaike yekha pulogalamu yatsopano pa kompyuta ya boma.

Mu 2018 omwe adataya mafayilo adali anthu omwe adachita kuifunafuna okha pulogalamu yatsopanoyo m'masiku oyambirira, ena podina batani lofufuza ngati kwabwera zatsopano. Ntchito yoitumiza yokha ku makompyuta a anthu onse idayenera kuyamba sabata yotsatira, ndipo Microsoft idaiimitsa tsikulo lisadafike.