Timange M'mwamba Pafupi ndi Bwalo la Bingu

Aliyense amene ankadziwa dera la Area 48 mu mzinda wa Lilongwe chisanafike chaka cha 2012 angavomereze kuti malowa asintha kwambiri. Pamene padali thengo tsopano payima Bwalo la Zamasewero la Bingu, lomwe lidamangidwa ndi ngongole yochokera ku dziko la China ndipo lidatsekulidwa pa 28 Januwale 2017. M'bwalomo mumalowa anthu oposa 40,000. Pambuyo pake padadza msewu wa mbali ziwiri wochokera ku Nyumba ya Malamulo kupita ku Area 49, pamodzi ndi mlatho wa pa Area 18 pamene msewuwu umadutsana ndi wa M1. Izi ndi ntchito zooneka ndi maso ndipo Boma liyenera kuyamikidwa.

Koma tonsefe tikudziwa kuti pamene padutsa phula, mtengo wa malo umakwera. Munthu amene adagula puloti ku Area 49 kapena ku Area 47 kudakali fumbi, lero ali ndi chuma chimene sadachikhetsere thukuta yekha. Chidamukwezera mtengo ndi bwalo ndi msewu, ndipo ngongole ya bwalolo ikubwezedwa ndi mtundu wonse. Mayi wogulitsa tomato ku Kaliyeka, amene mwina sadalowepo m'bwalomo, amaperekako gawo lake nthawi iliyonse akagula katundu wokhala ndi msonkho m'sitolo. Ndiye nchifukwa chake ife tikufunsa kuti malo amene atsala pafupi ndi bwaloli adzakhala a yani.

Yankho lathu ndi lakuti pa malo amenewa pamangidwe nyumba zosanja, mafulatsi amene mphunzitsi, namwino, kalaliki ndi wapolisi angathe kulipira lendi yake, osati nyumba imodziimodzi yozingidwa ndi mpanda wautali.

Tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono. Pamene likulu la dziko lino lidasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe m'chaka cha 1975, mzindawu udali waung'ono. Kalembera wa 1977 adapeza anthu osakwana 100,000. Wa 1998 adapeza oposa 440,000 ndipo wa 2018 adapeza 989,318. Bungwe la Capital City Development Corporation, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1968 kuti limange likulu, lidauyala mzindawu motambalala, dera lililonse pa lokha, pakati nkusiya nkhalango ndi madambo. Anthu a malipiro ochepa ankapatsidwa mapuloti m'madera monga Kawale, Area 23 ndi Area 25 kuti adzimangire okha. Pa nthawiyo nzeru imeneyi idali yabwino chifukwa malo adalipo ambiri, anthu ochepa.

Mapulotiwo adatha kalekale koma anthu sadaleke kubwera. Amene adachedwa adakagula kachidutswa ka munda kwa mfumu ku Chinsapo, ku Mgona kapena ku Mtandire. Eni mapuloti akale adamanga mizere ya zipinda za lendi kuseri kwa nyumba zawo mpaka posowa poyanika zovala. Ku Kaliyeka nyumba zidatsikira mpaka m'mphepete mwa mtsinje, ndipo akuluakulu adanena kale kuti madzi saiwala khwawa. M'mwezi wa Disembala 2017 madzi osefukira adagwetsa nyumba ku Kaliyeka, ku Chipasula ndi ku Kawale ndipo anthu ena adataya miyoyo. Mu Januwale 2019 madziwo adabweranso. Nawonso a ku Mtandire, oyandikana ndi bwalo la Bingu lenilenilo, adaona mtsinje wa Lingadzi ukuwalowera m'nyumba mu Febuluwale 2017, patangopita masabata awiri chitsekulire bwalolo.

Nkosavuta kudzudzula anthu amenewa kuti adamangiranji m'madzi. Koma palibe bambo wa nzeru zake amene amasankha kugoneka ana ake pa gombe la mtsinje ali ndi kwina kopita. Ambiri a iwo ndi anthu a pa ntchito ndithu. Amadzuka m'bandakucha, nkukwera minibasi mpaka ku depoti, kenaka ina yopita ku City Centre kapena ku Kanengo, kotero kuti gawo lalikulu la malipiro awo limathera pa msewu. Mzinda sungapitirize kukankhira antchito ake ku madambo ndi ku malire pamene malo a pakati, okhala ndi phula, magetsi ndi mipope, akugawidwa kwa mabanja ochepa.

Masamu ake ndi osavuta. Pa puloti yaikulu imene banja limodzi lamangapo, pangathe kuyima nyumba ya nsanjika zinayi, nsanjika iliyonse ya mabanja anayi. Amenewo ndi mabanja 16 omwera pa mpope umodzi waukulu, oyenda pa msewu umodzi, otumiza ana awo ku sukulu imodzi. Bwalo nalonso lingapindule. Masiku ambiri pa chaka limakhala zii, popeza mpira waukulu sumenyedwa tsiku ndi tsiku. Anthu akachuluka mozungulira, timasitolo, malo odyera ndi misika zimapeza ogula sabata yonse, ndipo usiku malowo saopsanso kuyendamo.

Tikudziwa kuti ena anena kuti Mmalawi sangakhale m'mwamba ngati mbalame. Mawu amenewa sitiwanyoza chifukwa ali ndi choonadi chake. Mayi wa kuno amaphika pa mbaula, amayanika ufa pa mphasa, ndipo amafuna poti ana aziseweretsa dothi iye akuwaona. Alendo ochokera kumudzi sabwera ndi kalata. Maliro akagwa, anthu amagona pa siwa usiku wonse ndipo abambo amafuna malo oyatsapo moto panja. Fulatsi yojambulidwira anthu a ku London singayankhe zimenezi. Koma vutoli ndi la ojambula mapulani, ndipo lili ndi mankhwala: khonde lotakasuka lolola utsi kutuluka, bwalo lalikulu pansi la mabanja onse, malo ochapira ndi oyanikira. Komanso tisaiwale kuti banja lokhala m'zipinda ziwiri za lendi ku Biwi, lomwe limagawana chimbudzi chimodzi ndi mabanja ena asanu, dimba lija lidalitaya kale. Chimene lingataye posamukira m'mwamba ndi matope okha.

Nsanjika zinayi nzokwana. Kupitirira apo pafunika chikepe, ndipo chikepe chimaima magetsi akathima.

Pali zina zimene mpofunika kuzikonza njerwa yoyamba isanayalidwe. Choyamba ndi madzi ndi mipope ya zonyansa. Anthu a ku Area 18 sadaiwale za Julaye 2017, pamene madzi osakanikirana ndi zonyansa adatuluka m'mipope ya m'nyumba zawo. Ngati zotere zidachitika m'dera la nyumba zapansi, nanga bwanji mabanja mazanamazana akaunjikana pa mipope yakale yomweyo? China ndi kayendera wa zomangamanga. Mu Epulo 2016 nyumba yosanja idagwa ku Huruma mu mzinda wa Nairobi mvula itagwa kwambiri, nkupha anthu pafupifupi 50. Idamangidwa pafupi ndi mtsinje ndiponso mosatsata malamulo. Mwini nyumba wochepetsa simenti pa nyumba yapansi amavutitsa banja limodzi. Pa nyumba yosanja amakumba manda a ambiri. Ndipo njira zolowera ndi zotulukira pa bwalo zisiyidwe zotakasuka. Pa 6 Julaye 2017 anthu asanu ndi atatu, ambiri a iwo ana, adafa poponderezana pa chipata cha bwaloli. Nyumba zisadzapanikize khamu la anthu m'tinjira.

Mafulatsi ena akumangidwa kale m'madera a anthu opeza bwino, koma lendi yake ina imatchulidwa m'madola. Amenewo sitikuwaletsa, koma sakuchotsa munthu ndi mmodzi yemwe m'mphepete mwa mtsinje ku Kaliyeka. Sitikunenanso kuti anthu a ku Mtandire athamangitsidwe pofuna kukongoletsa maso a alendo odzaonera mpira. Iwo adalipo bwalo lisanabwere. Chimene akusowa ndi ngalande, misewu ndi zikalata za malo awo, ndipo amene ali m'njira ya madzi akhale oyamba kuganiziridwa pa nyumba zatsopanozo.

Tsono tikupempha Unduna wa za Malo ndi Khonsolo ya Mzinda wa Lilongwe kuti alengeze poyera malo onse a Boma amene adakali osamangidwa mozungulira bwalo la Bingu ndi m'mbali mwa msewu watsopano uja, kuti aliyense adziwe amene wapatsidwa ndi chimene walonjeza kumangapo. Wolandira malo otere auzidwe m'chikalata chake chiwerengero cha mabanja amene ayenera kukhalapo, ndipo akapanda kumanga pa nthawi yake malowo abwerere ku Boma. Bungwe la Malawi Housing Corporation, lomwe lakhala likumanga nyumba kuyambira 1964, likhale ndi gawo lake pa malowa, ndipo mabungwe osunga ndalama za penshoni, zomwe ndi ndalama za antchito omwewa, aitanidwe kudzaikapo chuma chawo. Mndandanda wa ofuna nyumbazo upachikidwe pa ofesi ya Khonsolo, pamene munthu wa ku Kaliyeka angathe kupita nkukawerenga dzina lake.