Tebulo la wojambula ndi ana a m'minda ya tiyi

M'makomboni a m'maesiteti a tiyi a ku Honde Valley ndi ku Chipinge, monganso a ku Thyolo ndi ku Mulanje, simusowa mnyamata kapena mtsikana wodziwika ndi kujambula. Ndi uja aphunzitsi amamuitana kuti ajambule mapu pa bolodi, ndiponso mwini golosale amamupempha kuti alembe dzina la sitolo pakhoma. Malipiro ake kawirikawiri amakhala botolo la chakumwa, apo ayi mawu akuti "Mulungu akudalitse, mwanawe." Akakula amakalowa mumzere wa othyola tiyi, dengu kumsana, ndipo luso la dzanja lija limathera pa masamba awiri ndi kansonga.

Komatu kwina kuli anthu amene luso lomweli amalisandutsa malonda, ndipo njira yawo si yovuta kuimvetsa. Anthuwa amapezeka m'zionetsero za nthano za m'zithunzi, zija ambiri amangozitcha makatuni. Chionetsero chotchuka kwambiri cha mtunduwu ndi cha mumzinda wa San Diego ku America, chomwe chinayamba mu 1970. Ku Johannesburg kuli Comic Con Africa, imene inayamba mu 2018 ku Kyalami ndipo mu 2022 inasamukira ku Nasrec. Ku Harare nako gulu la Comexposed, lomwe anayambitsa ndi Eugene Mapondera ndi Tinodiwa Makoni, linayamba kusonkhanitsa ojambula ndi okonda ntchito zawo m'zaka za m'ma 2010. Bill Masuku, mwini nthano za Razor-Man ndi Captain South Africa, ndi mmodzi mwa ana a Zimbabwe amene dzina lawo lamveka kunja kwa dziko chifukwa cha cholembera.

Pa zionetsero zotere pamakhala mzere wa matebulo wotchedwa Artist Alley. Wojambula amalipira tebulo lake, n'kuyalapo zithunzi zosindikiza kale, koma pambali amaika kachikwangwani ka mitengo ya zithunzi zochita kuitanitsa. Mutu wokha uli ndi mtengo wake, munthu wolekeza m'chiuno wake, wathunthu wakenso. Cha pensulo n'chotsika mtengo, cha inki chimakwererapo, chopaka mitundu n'chodula koposa. Wogula amafotokoza chimene akufuna: wina afuna ngwazi ya m'filimu, wina afuna mwana wake atavala ngati ngwaziyo, wina galu wake amene anafa. Wojambula amafunsa mafunso, amalemba dzina pa mndandanda, amalandira ndalama kapena chikole, n'kumuuza ola lodzatengera. Mndandanda ukadzaza amautseka, ngakhale anthu akhale akubwerabe, pakuti kulonjeza zithunzi khumi dzanja likutha zisanu ndiko kuononga mbiri.

Chofunika kuchiona apa n'chakuti wogula uja salipira kukongola kokha. Zithunzi zokongola zili mbwee patebulo lomwelo pa mtengo wotsika. Iye amalipira kuti wina amumvetsere, n'kuika papepala chinthu chimene chinali mumtima mwake mokha. Ndipo njala yotereyi ilipo ku Hauna ndi ku Chipinge kuposa mwina ku Johannesburg.

Tiyi anabzalidwa koyamba ku Chipinge mu 1924 pa famu ya New Year's Gift, pomwe panaphukira kampani ya Tanganda, imene ili ndi maesiteti monga Ratelshoek, Jersey ndi Zona. Ku Honde Valley, m'boma la Mutasa, mayina odziwika ndi Eastern Highlands, Aberfoyle ndi Katiyo, kuphatikizapo alimi ang'onoang'ono olima tiyi m'minda yawo. Manja amene akhala akuthyola tiyiyu ndi a Amanyika, a Andau, a anthu a tsidya la Mozambique, komanso a ana ndi zidzukulu za Amalawi amene anatsika kudzafuna ntchito m'nthawi ya atsamunda, ena kudzera m'bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, ena wapansi. Ambiri a iwo anatchona. Chimene anasiyira ana awo nthawi zambiri ndi kachithunzi kamodzi ka pa chitupa, kakang'ono ngati sitampa, kofufuma ndi chinyontho cha m'mapiri. M'mabanja ena ngakhale kameneko kulibe: namondwe wa Idai, amene anasakaza Chimanimani ndi Chipinge mu Malichi 2019, sanasankhe pokokolola katundu wa m'nyumba.

Banja lotere likapeza munthu wotha kukuza nkhope ya agogo kuchokera pa kachithunzi kaja, n'kuwakhazika pambali pa mdzukulu amene sanamuonepo, silingaone ngati likutaya ndalama. Ntchito imeneyi imafuna kudekha ndi ulemu. Wojambula amakhala pansi ndi mayi wamasiye n'kufunsa: "Agogo, kodi malemu chipewa chija ankachipendeketsa mbali iti? Nanga chipsera chinali tsaya lakumanja kapena lakumanzere?" Akatero amayamba waonetsa chithunzi cha pensulo, chosamaliza, kuti abale akonze pamene palakwika inki isanalowe. N'zoona kuti masiku ano mafoni ali ndi mapulogalamu a AI otha kuwalitsa chithunzi chakale m'kanthawi kochepa. Koma pulogalamu ikapeza malo ofufuma imangodzazapo nkhope yongoganizira, yosalala bwino, ndipo anthu amalandira mlendo m'malo mwa bambo wawo. Siifunsa aliyense za chipewa.

Wogula wina, amene ali ndi ndalama kuposa mabanja, ndi mabungwe a chitukuko, ndipo apa m'pamene alangizi ayenera kudzifunsa. Zoti nthano za m'zithunzi zimaphunzitsa si zachilendo m'chigawo chino. Magazini ya Action, imene inayamba ku Harare mu 1987, inafikitsa nkhani za chilengedwe ndi zaumoyo m'sukulu zambiri kudzera m'makatuni. M'zaka za m'ma 1990 bungwe la UNICEF linabweretsa nthano za mtsikana Sara. Ku Malawi owerenga nyuzipepala sangaiwale Pewani wa Brian Hara kapena Amtchona a James Kazembe, amene ankatha kunena ndi mizere yochepa zimene mkonzi sakanatha ndi tsamba lonse. Komabe mapositala ambiri amene amafika pa chipatala chaching'ono cha pa esiteti amakhala atajambulidwa mumzinda. Mayi wa papositala amatunga madzi pa mpope umene m'komboni mulibe, atavala zovala zimene wothyola tiyi sangavale kumunda. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 amazindikira zilankhulo 16, kuphatikizapo Chichewa ndi Chindau, koma n'kamodzikamodzi kuona zilankhulo ziwirizi papositala. Anthu amayang'ana, n'kunena kuti uthengawu ndi wa ena.

Mwana wa m'komboni amadziwa mmene mzere wa pa sikelo umaonekera madzulo, mmene kapitawo amaimira, ndi mawu enieni amene amayi amalankhula akamadandaula za madzi, Chichewa chosakanikirana ndi Chishona monga amachilankhulira. Njira yogwiritsa ntchito luso lake si yodula. Magulu a World Comics a ku Finland ndi ku India anafalitsa kachitidwe kosavuta: nkhani imodzi ya m'mudzi m'magawo anayi, yojambulidwa ndi inki yakuda pa mapepala awiri a A4, n'kuichulukitsa pa makina a fotokope ndi kuimata pa golosale, pa chigayo ndi pa chitsime. Chodandaulitsa n'chakuti bungwe limene limapeza ndalama za mafuta a galimoto, za nkhomaliro ndi za alawansi ya msonkhano, likafika pa wojambula limayamba kulankhula za mtima wodzipereka. Mmisiri wa njerwa salipidwa ndi chiyamiko, ndipo palibe chifukwa choti wojambula akhale wosiyana naye. Mlangizi amene akulemba bajeti ya ntchito yophunzitsa anthu aikemo mzere wa wojambula, monga amaikira wa woyendetsa galimoto.

Naye wojambula ali ndi mbali yake, ndipo m'pamene mwambo wa pa tebulo lija umathandiza. Mtengo unenedwe pensulo isanagwire pepala, ndipo zimveke ngati ndi madola a ku America kapena ZiG, ndalama imene inayamba mu Epulo 2024, ndiponso ngati ndi pamanja kapena pa EcoCash. Theka liperekedwe poyamba, chifukwa pepala lolimba ndi inki n'zogula ku Mutare kapena m'tauni ya Chipinge, ndipo chithunzi cha agogo a mwini sichingagulitsidwe kwa munthu wina ngati mwiniyo wasintha maganizo. Agwirizanenso kuti kukonza n'kangati. Pali anthu amene chithunzi chikatha amakumbukira kuti akufunanso njinga ndi mbuzi. Za nthawi nazo: m'miyezi ya mvula tiyi amaphuka msanga ndipo wothyola amaweruka atatheratu, choncho ntchito zazikulu n'zoyenera miyezi yozizira pamene munda wachepa. Ndipo pasakhale wonamiza achinyamata kuti ataye dengu lero. Ngakhale ku Johannesburg ambiri a pa matebulo aja ali ndi ntchito zina, ndipo alipo amene amabwerera kwawo asanabweze ndalama ya tebulo. Iyi ndi ndalama yoonjezera, ya sopo ndi makope a sukulu, imene imakula pang'onopang'ono ndi mbiri ya munthu.

Patsala nkhani ya umwini, yomwe ambiri amaidumpha. Wojambula wa pa chionetsero amadziwa kuti Spider-Man ndi wa kampani ya Marvel, yomwe Disney inagula mu 2009, ndipo Batman ndi wa DC. Akajambulira munthu chithunzi chimodzi eni ake kawirikawiri amangoyang'anira kumbali, koma chimenecho si chilolezo, ndipo wosindikiza zambirimbiri n'kumagulitsa akhoza kukumana ndi maloya. Wa pa esiteti ali ndi mwayi poti nkhope za anthu a kwawo si za kampani iliyonse. Koma pakati pa iye ndi bungwe, funso loti chithunzi n'cha yani liyenera kuyankhidwa papepala. Zimbabwe ili ndi lamulo loteteza ntchito za luso la Copyright and Neighbouring Rights Act, ndipo ku Malawi kuli bungwe la COSOMA, koma palibe wothyola tiyi amene angakwanitse kuyendera makhoti. Mizere itatu yosainirana ndi yokwanira: bungwe lagula chithunzi kuti lichite nacho chiyani, lisindikiza kangati, ndipo dzina la wojambula likhalapo. Popanda zimenezi, chithunzi chogulidwa pa mtengo wa nkhuku chimadzapezeka pa malaya, pa kalendala ndi pachikuto cha lipoti lopita kwa opereka thandizo, mwini wake osadziwa.

Nkhope nazo zili ndi eni. Luso lofanizira munthu, limene limakondweretsa pa chithunzi cha banja, limasanduka mpeni pa positala. M'komboni aliyense amadziwa mnzake. Wojambula akatengera mphuno ndi mayendedwe a munthu weniweni pa nkhani ya kachilombo ka HIV, ya nkhanza za m'banja kapena ya kuba feteleza, ndiye kuti wamuweruza pamaso pa mudzi wonse, ndipo positala siitha kupepesa. Anthu a m'nthano zophunzitsa akhale opeka, ndipo mlangizi aonetse chithunzicho kwa anthu angapo a m'deralo chisanapite ku fotokope, n'kuwafunsa ngati chikufanana ndi wina.

Chimodzimodzinso gule wamkulu, amene mbumba za Amalawi zinapita naye m'mafamu ndi m'migodi ya Zimbabwe, ndipo UNESCO inamulemekeza mu 2005. Alendo okaona malo ku Aberfoyle kapena ku mathithi a Mtarazi akhoza kukonda chithunzi cha chilombo chili pabwalo, ndipo ndalama yawo ndi yabwino. Koma zilombo zili ndi akuluakulu ake. Zimene zimaoneka pabwalo, gulu likuonerera, n'zina. Za kudambwe n'zinanso, ndipo sizijambulidwa ngakhale wogula atatchula mtengo wotani. Mnyamata wofuna kugulitsa zithunzi zotere ayambe wapita kwa akulu a mwambowo, chipewa m'manja, akamve kwa iwo chimene angajambule ndi chimene asiye.