Kodi wogulitsa malo pa Kacholola akutumikira ndani?

Ukawoloka mlatho wa Luangwa pa msewu wa Great East n'kukwera mapiri okhotakhota aja, pofika pa Kacholola umapeza matumba a makala atandandalikidwa m'mbali mwa msewu. Koma pali malonda ena amene saoneka pa benchi. Munthu wa ku Lusaka akangotsika galimoto n'kufunsa za puloti, sipapita nthawi, wina watulukira kale. "Abwana, malo alipo. Amfumu timadziwana. Ingosiyani ya mafoni, mawa tikapime." Mawa lake amapimadi, ndi mapazi, kuchokera pa mtengo wa masuku kukafika pa chulu, n'kulemba zonse pa pepala lothothola m'kope la mwana wa sukulu.

Ife tikufunsa kuti, munthu ameneyu akugwirira ntchito ndani? Wogula kapena wogulitsa? Ngati walandira ya mafoni kwa bwana wa ku Lusaka, n'kudulanso yake pa ndalama za agogo eni munda, tsiku la mlandu adzakhala mbali iti ya bwalo? Aliyense wophunzira ntchito ya uejenti wa malo ndi nyumba amayambira pomwepa: ejenti ndi mtumiki wa amene wamutuma. Sabisa mtengo weniweni, sadyera kuwiri mwamseri, ndipo ndalama za mwiniwake sazisakaniza ndi za m'thumba mwake. Agogo akauzidwa mtengo wina pamene wogula wapereka wina, ndalama yotsala pakatiyo si komishoni ayi. Kumeneko ndi kuba.

Lamulo lilipo. Mu 2000 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la maejenti, Estate Agents Act, ndipo bungwe la Zambia Institute of Estate Agents ndi limene limalemba m'kaundula oyenera kugwira ntchitoyi. Wosalembetsa saloledwa kuigwira. Nanga pakati pa Kacholola, Nyimba ndi Petauke, ndi angati anaonapo chiphaso cha ejenti ndi maso awo? Ndi angati akudziwa kuti ali ndi ufulu wochiitanitsa asanatulutse ngwee ndi imodzi yomwe? Achikulire akukumbukira kuti mu 1975 a Kenneth Kaunda, atakwiya ndi mitengo ya malo mu Lusaka, anatseka maofesi a maejenti n'kuthetsa umwini wa muyaya wa malo. Kodi tikudikira kuti mkwiyo wotere ubwerenso, ulendo uno kuchokera ku midzi?

Funso lalikulu kuposa onse ndi ili: chimene akugulitsacho n'chiyani kwenikweni? Lamulo la malo la 1995 limati nthaka yonse ya Zambia ili m'manja mwa Pulezidenti, amene amaisunga m'malo mwa anthu onse. Wokhala ndi taitolo ali ndi lendi ya zaka zosapitirira 99, ndipo sangagulitse popanda chilolezo cha boma. Malo ambiri a m'boma la Nyimba alibe n'komwe taitolo. Ndi malo a mafumu, a Nyalugwe, a Ndake, a Luembe ndi a Mwape, ndipo anthu amalimapo ndi kumangapo potsata mwambo. Kuti malo otere asanduke a taitolo pamafunika kuvomereza kwa mfumu yaikulu, kenaka khonsolo iyendere malowo n'kulembera Commissioner of Lands. Chidindo cha mfumu ya mudzi pachokha sichikwanira. Kodi mkhalapakati uja anamuuza wogula zimenezi? Kapena anangoti, "Mapepala tidzaona pambuyo"?

Ndipo kodi anawauza agogo aja kuti malo akangolowa m'kaundula wa boma, lamulo lomweli silinaike njira yowabwezeranso ku mwambo? Izi ndi zimene zikutipweteka mtima. Ndalama ya munda imatha ndi malata, feteleza wa chaka chimodzi ndi fizi ya teremu ziwiri. Waya wa wogula ndiye amatsala, ndipo njira ya ku chitsime imene amayi a m'mudzimo akhala akudutsa chibadwire imapezeka yatsekedwa. Lamulo limanena kuti malo a mwambo asaperekedwe osafunsa aliyense amene nkhaniyo ingamukhudze. Kwa Ansenga, kumene munda umatsata mbumba, okhudzidwawo si ochepa. Alongo a wogulitsa anafunsidwa? Amalume anakhalapo? Nanga mwana wa mlongo amene ali ku Kitwe, amene adzabwere atapuma ntchito n'kupeza munda wa amayi ake uli ndi mwini wina?

Wogula nayenso asadzione ngati wochenjera. Safunsa anadya phula. Ngati akuuzidwa kuti puloti ya pa boma ili ndi taitolo, n'chifukwa chiyani sapita kukafufuza ku kaundula wa Unduna wa Malo kuti aone dzina lenileni la mwini, komanso ngati malowo si chikole cha ngongole? Ngati wogulitsa ndi woyang'anira chuma cha masiye, chilolezo cha khoti chili kuti? Lamulo la chuma cha masiye la 1989 limafuna chilolezo chimenecho asanagulitse.

Njira ina inaonekapo kale pafupi pomwepa. Bungwe la Petauke District Land Alliance linagwira ntchito ndi Mfumu Sandwe kupima minda ya anthu, kulemba malire pamaso pa oyandikana nawo, ndi kupereka masatifiketi a malo a mwambo okhala ndi maina a eni ake, amayi omwe. Munda ukakhala ndi maina olembedwa, wa pepala la m'kope uja amayamba wasinkhasinkha. Chikuletsa n'chiyani kuti ntchito yotere ifike midzi yonse ya m'mbali mwa msewu waukuluwu, kumene malo akufunidwa kwambiri?

Achinyamata amene akuchita uejenti wa pansi pa mtengowa ambiri si mbava. Amadziwa malire a munda uliwonse, amadziwa banja limene lili pa mkangano, koma lamulo sanaliphunzire. Tikupempha a Zambia Institute of Estate Agents ndi khonsolo ya Nyimba: bweretsani maphunziro a uejenti ku Nyimba ndi ku Petauke, m'Chinyanja ndi m'Chinsenga, ndipo maina a olembetsa muwakhome pa chitseko cha khonsolo ndi pa bwalo la mfumu iliyonse. Kodi zimenezi zingakutengereni miyezi ingati?