Aphunzitsi, kodi tsogolo lija linadzera msewu uti?

Papita kanthawi ndisanalembe, kuchonga mapepala kunandipanikiza. Lero pali nkhani imene yandisowetsa tulo, ndiye ndati ndiitule pano.

Sabata yatha ndinalandira uthenga pa WhatsApp kuchokera kwa mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa masamu ndi Computer Studies. Dzina ndisunga. Anali mwana wakhama, wa mtundu uja wotsalira m'kalasi anzake atathamangira ku mpira. Anasankhidwa kupita ku yunivesite, anatenga digiri ya za kompyuta, ndipo chino ndi chaka chachiwiri akuponya makalata ofunsira ntchito osayankhidwa. Pakali pano amakhala pa kabenchi kumsika, kutumiza ndi kutapitsa anthu ndalama za pafoni. Uthenga wake unali waufupi: "Aphunzitsi, paja munkatiuza kuti tsogolo lili pa kompyuta. Kodi tsogolo lija linadzera msewu uti, poti kuno silinafike?"

Ndinaseka, koma kusekako sikunapite patali. Bambo ake a mwanayu anagulitsa ng'ombe ziwiri kuti amugulire laputopu ndi kumulipirira fizi. Ndipo mawu amene akundikumbutsawo ndinayankhuladi ine, nditaimirira kutsogolo kwa kalasi, choko chili m'manja. Choncho ndili naye ngongole ya yankho, iye pamodzi ndi ena onse amene anandimvera.

Yankho langa ndi ili: ntchito za kompyuta zilipo, ndipo dziko lino likusowa anthu ozidziwa. Koma ife aphunzitsi tinkaifotokoza nkhaniyi molakwika. Tinkayankhula ngati kompyuta ndi basi, yoti ukangokwera wafika. Sitinkawauza ana kuti olemba ntchito safuna munthu wodziwa kompyuta chabe, amafuna munthu wotha kuthetsa vuto pogwiritsa ntchito kompyutayo.

Kulakwitsaku kuli ndi gwero lake. Amene tinalipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 tikukumbukira kuti munthu wodziwa Word ndi Excel anali mfumu. Timasukulu ta mapakeji tinamera ngati bowa mu Limbe, mu Lilongwe ndi ku Mzuzu. Miyezi itatu, setifiketi m'manja, ntchito ya ulembi yapezeka. Ife tinazolowera nthawi imeneyo n'kumaganiza kuti zidzakhala choncho mpaka kalekale. Lero kudziwa kutaipa kalata kuli ngati kudziwa kulemba dzina lako: ukapanda kudziwa ndi manyazi, koma palibe angakulipire chifukwa choti ukudziwa. Sayansi ya kompyuta yeniyeni ndi ina. Ndi kutenga vuto lalikulu, kuligawa m'tizigawo, kupeza ndondomeko yolithetsera, n'kuilemba m'njira yoti makina aitsate popanda kuphonya. Muzu wake ndi masamu ndi kuganiza mwadongosolo, osati kuthamanga kwa zala pa kiyibodi.

China chimene sitinkawauza ana n'choti msika wa ntchitozi uli ngati mtengo wa fodya ku okushoni, umakwera ndi kutsika. M'chaka cha 2000 makampani ambiri a pa intaneti ku America anagwa, anthu anachotsedwa ntchito, ndipo kwa zaka zingapo achinyamata kumeneko anathawa maphunziro a kompyuta. Kenaka iPhone inatuluka mu 2007, mafoni a Android mu 2008, ndipo olemba mapulogalamu anayamba kusakidwa ngati mchere. Nthawi ya Covid-19 makampani akuluakulu analemba anthu ochuluka zedi poganiza kuti moyo wonse wasamukira pa intaneti. Mliri utachepa anabwerera m'mbuyo. Mu Novembala 2022 kampani ya Meta, mwini wake wa Facebook, inachotsa anthu 11,000. Mu Januwale 2023 Google inachotsa 12,000 ndipo Microsoft 10,000. Mwezi womwe uja wa Novembala 2022 ndi umene ChatGPT inatulukira, ndipo kuyambira pamenepo zida za AI zakhala zikulemba mwamsanga timapulogalamu tosavuta timene kale tinkapatsidwa kwa munthu wongoyamba kumene ntchito.

Ngakhale muno mu Africa chizindikiro chinaoneka msanga. Kampani ya Andela, imene inayambira ku Lagos mu 2014 ndi cholinga chophunzitsa achinyamata kulemba mapulogalamu n'kuwapezera ntchito kunja, mu Seputembala 2019 inachotsa ongoyamba kumene pafupifupi 400 ku Nigeria, Kenya ndi Uganda. Chifukwa chimene inapereka n'chakuti makasitomala ake ankafuna anthu okhwima pantchito. Apa ndi pamene pagona vuto la mnyamata wanga uja. Khomo limene lachepa kwambiri ndi la pansi, lolowera anthu atsopano.

Tsono tibwere kwathu kuno. Masukulu ophunzitsa za kompyuta achuluka. Kuli University of Malawi ku Zomba, imene ambiri timaitchabe Chanco, kuli MUBAS ku Blantyre imene inali Poly mpaka 2021, kuli Mzuni, kuli MUST ku Thyolo imene inatsegulidwa mu 2014, kuli NACIT, osawerengera masukulu omwe si aboma. Chaka chilichonse akutulutsa achinyamata. Koma owalemba ntchito ndi omwe aja: mabanki ochepa, makampani a mafoni, boma, ndi mabungwe othandiza anthu amene ntchito zawo zimatha thandizo likatha. Ambiri mwa amenewa amagula mapulogalamu opangidwa kale kunja, ndipo akalengeza malo amodzi amafuna munthu woti wagwirapo ntchito zaka zitatu. Mwana wongotuluka kumene zaka zitatuzo akazitenga kuti? Izi n'zoona, ndipo sindikufuna kuzipaka shuga.

Komabe kuchepa kwa malo olengezedwa m'nyuzipepala sikutanthauza kuti anthu odziwa sakufunika. Taonani mmene moyo wathu watsamira pa makina. Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo lero agogo kumudzi akulandira ndalama pafoni. Mu 2017 anthu oposa 9 miliyoni analembetsa chiphaso cha unzika, ndipo chiphasocho chikufunika ku banki, pogula simukhadi ndi polembetsa mavoti. Zonsezi zili m'makompyuta amene amafuna munthu wowasamala, wowateteza ndi wowakonza akafa.

Tinaona kale zimene zimachitika anthu oterewa akasowa. Nkhani ya Cashgate ya 2013 inadzera mu IFMIS, dongosolo la pakompyuta loyendetsera ndalama za boma. Anthu ankalowetsamo malipiro a makampani amene sanagulitse kanthu kuboma, macheke n'kutuluka, kenaka n'kufufuta umboni. Lipoti loyamba la ofufuza ochokera ku Britain linapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata ambiri, ndipo mu Febuluwale chaka chomwecho mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti analanda makinawo n'kumafuna dipo. Ena anatsutsa zimenezi, nati gwero linali mgwirizano ndi kampani yakunja imene inkayendetsa makinawo. Kaya zoona zili mbali iti, phunziro ndi limodzi: dziko limene lilibe ana ake omvetsa bwino makina ake lili ngati munthu amene makiyi a nyumba yake amasunga ndi mlendo.

Tilinso ndi umboni woti Amalawi amatha. Bungwe la Baobab Health linayamba ntchito pa chipatala cha Kamuzu Central mu 2001, kuika makompyuta ogwira ndi chala olembera odwala. Mapulogalamu ake ankalembedwa konkuno ndi achinyamata a konkuno, ndipo anafalikira m'zipatala zambiri, makamaka kumalo olandirira ma ARV. Chinsinsi chawo sichinali chilankhulo cha kompyuta chapamwamba ayi. Anakhala pansi m'chipatala, naona mzere wa odwala, naona mmene namwino amagwirira ntchito, naona kuti magetsi amathimathima, napanga chinthu chogwirizana ndi zimenezo. Mu 2013 mayi Rachel Sibande anakhazikitsa mHub ku Lilongwe, malo oti achinyamata azikumana ndi kupanga zinthu zotere. Ndipo malamulo monga Electronic Transactions and Cyber Security Act a 2016 ndi Data Protection Act a 2024 akutanthauza kuti osunga mbiri za anthu pakompyuta ayenera kuziteteza.

Mnzanga wina mu sitafu rumu anandiuza kuti, "Achimwene, ingowauzani anawa achite unamwino kapena uphunzitsi, za kompyutazi n'za kunja." Ndikumumvetsa, koma sindikugwirizana naye. Tonse tikudziwa aphunzitsi a pulayimale ndi anamwino amene anamaliza maphunziro n'kukhala pakhomo zaka akudikira kuti boma liwalembe. Ulova wa achinyamata ndi matenda a chuma chathu chonse, si a phunziro limodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti namwino sangatsegule chipatala m'chipinda mwake, pamene wodziwa kulemba mapulogalamu angathe kuyamba kupanga chinthu chooneka ndi laputopu yokha, n'kukhala ndi choonetsa pofunsira ntchito.

Ndiye titani? Ndiyambe ndi ife aphunzitsi. Tisiye kuloweza ana mayina a ziwalo za kompyuta ngati ndime ya pamtima. Ndikudziwa mavuto athu. Ine ndaphunzitsapo kalasi ya ana 60 ndi makompyuta asanu, awiri mwa iwo akufa, ndipo ndajambulapo mbewa ya kompyuta pa bolodi ana n'kumaseka. Koma mbali yofunika kwambiri ya phunziroli siifuna magetsi. Mwana angathe kulemba papepala ndondomeko yosanjira mayina a kalasi yonse motsata alifabeti, mnzake n'kuitsata mwaumbuli ngati makina, mpaka aone pamene yasokonekera. Angathe kulemba ndondomeko yowerengera magiredi, kapena yogawira feteleza ku kalabu ya alimi. Mwana wozolowera kufufuza pamene walakwitsa ndi amene adzathe kuona pamene AI yanama, pakuti imanama ndithu, ndipo imanama molimba mtima. Tisalolenso mwana kuthawa masamu n'kumati adzachita za kompyuta. Ndipo tilimbikire Chingerezi ndi Chichewa cholemba bwino, chifukwa munthu wolephera kufotokoza vuto m'mawu sangalifotokozere makina.

Kwa inu ana anga amene muli ku koleji kapena mwangomaliza, digiri ndi chiphaso cholowera pageti, si mpando. Musatuluke ndi pepala lokha. Tulukani ndi chinthu chimene munapanga ndipo munthu weniweni akuchigwiritsa ntchito, kaya ndi kaundula wa banki m'khonde, wa sitolo ya amalume anu, kapena wa fizi pa sukulu ya kwanu. Phatikizani kompyuta ndi gawo lina: zaumoyo, ulimi, zowerengera ndalama. Wodziwa kompyuta yokha ali ndi opikisana naye dziko lonse lapansi, koma wodziwa kompyuta komanso mmene kopaletivu ya alimi a mtedza imayendera ali ndi opikisana naye ochepa. Musanyoze ntchito zokoka mawaya a netiweki, kusamala maseva ndi kukonza makina. AI siikwera padenga kukamangirira chingwe. Ntchito za kunja zogwirira pakhomo ziliko, koma musazione ngati mkuyu wakupsa. Zimafuna magetsi odalirika, intaneti yokwera mtengo ndi luso loposa la anzanu a ku Nairobi ndi Lagos, komanso zadzadza ndi akathyali ofuna kuti muyambe mwalipira kaye.

Kwa inu amene zinakuyenderani, muli m'mabanki, m'makampani a mafoni ndi m'maofesi a boma, pempho langa ndi limodzi. Munthu wa zaka zitatu pantchito amene mukumufunayo sagwa kumwamba, amayamba ndi tsiku loyamba. Tengani wachinyamata mmodzi kwa miyezi isanu ndi umodzi, mumupatse ntchito yeniyeni ndi kangachepe ka thiransipoti, osati kumutuma kukagula zitumbuwa. Mukapanda kutero, zaka khumi zikubwerazi mudzasowa woti alowe m'malo mwanu, ndipo tidzapitiriza kulipira alendo ndi ndalama zakunja zimene tilibe.

Mnyamata uja ndinamuimbira foni. Choyamba ndinamupepesa, chifukwa ndinamuuza theka la choonadi. Kenaka ndinamufunsa mmene amasungira kaundula wa ndalama pa benchi pakepo. Anati amalemba m'kope lachikuto cholimba, ndipo madzulo aliwonse amavutika kugwirizanitsa ndalama za m'manja ndi za mufoni. Anzake onse pamsikapo amavutika chimodzimodzi, ena mpaka kukangana ndi mabwana awo. Ndinamufunsa kuti, "Nanga iwe ndi digiri yakoyo, ukudikira ndani kuti adzathetse zimenezo?" Anakhala chete kanthawi, kenaka anati ayesa.

Sindikulonjeza kuti kapulogalamu kameneko kamulemeretsa, kapena kuti mawa aitanidwa ku intavyu. Ndasiya kulonjeza ana zinthu zimene sizili m'manja mwanga. Koma akadzaitanidwa, adzalowa ndi chinthu chimene anthu khumi pamsika akuchigwiritsa ntchito, pamene anzake adzalowa ndi envelopu ya masetifiketi.

Teremu ikubwerayi a Fomu 3 akadzandifunsa ngati kompyuta ili ndi ntchito, ndidzawauza zonse, zokoma ndi zowawa zomwe. Anzanga aphunzitsi, inu mukuwauza zotani? Ndipo inu ana anga akale, mukadutsa kuno musangondipatsa moni pamsewu. Lowani m'kalasi, muwauze azing'ono anu zimene mwakumana nazo kunjako. Amakumverani inu kuposa ife.