Chiponde chilipo, koma kodi ana athu akuchiradi?

Alimi anzathu a ku Machinga ndi Balaka, miyezi ya Januwale ndi Febuluwale tonse timaidziwa: nkhokwe zauma, chimanga chili m'munda, ndipo ana ambiri amayamba kunyentchera kapena kutupikana. Ndi nthawi imeneyi pamene wodi ya ana onyentchera, ya NRU, ku chipatala cha boma ku Liwonde ndi ku Balaka imalandira ana ochuluka.

Ndondomeko yothandiza anawa ndi yabwino. Inayamba kuyesedwa ku Dowa mu 2002, ndipo boma linaivomereza mu 2006. Mlangizi wa zaumoyo amayeza mkono wa mwana ndi kalamba. Ukachepera masentimita 11.5, mwanayo ali pangozi. Ngati akutha kudya, amalandira chiponde nkumachirira kunyumba. Ngati wadwalika kapena wataya chilakolako cha chakudya, amagonekedwa ndi kumwetsedwa mkaka wa F-75 kenaka F-100. Pa njala ya 2006, a Project Peanut Butter anathandiza ana oposa 800 m'midzi ya ku Machinga ndi chiponde, ndipo oposa 90 mwa 100 aliwonse anachira.

Koma ife tikuti ntchitoyi isayezedwe ndi makatoni a chiponde omwe afika. Muyezo wa padziko lonse ndi womveka: mwa ana 100, ochira apose 75, omwalira asafike 10, othawa chithandizo asafike 15. Ziwerengerozi zimalembedwa mwezi uliwonse. Nanga bwanji ife eni ana sitizimva? Tipemphe makomiti a zipatala ndi ma ADC kuti aziziwerenga pamisonkhano, chipatala ndi chipatala, komanso azinena masiku omwe chiponde chinasowa ndi ana angati omwe anabwereranso atadwala.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Mayi akagonekedwa ndi mwana, munda umatsala m'tchire nthawi yopalira. Ambiri amathawa m'chipatala chifukwa cha munda, osati umbuli. Kalabu iliyonse igwirizane kuti membala akakhala kuchipatala ndi mwana, anzake amupalirira ndi kumubandira.

Chachiwiri, chiponde ndi mankhwala. Chikagawidwa kwa ana onse a m'nyumba kapena kugulitsidwa pamsika, wodwalayo sachira msanga. Komabe tisangodzudzula makolo. Banja logona ndi njala lidzagawana basi. Nchifukwa chake tikupempha kuti banja la mwana wotuluka mu NRU liziyamba kuganiziridwa pa chakudya cha thandizo ndi mbewu, makamaka m'zaka zachilala ngati 2024.

Chachitatu, tisachedwe. Mwana akatupa mapazi, tisataye masabata tikukambirana za tsempho. Tithamange naye kusikelo lero.

Pomaliza, chiponde chimachokera ku mtedza, mbewu yathu yomwe. Tisagulitse mtedza wonse, nandolo yense ndi soya yense pokolola. Tisungeko wothira m'phala. Tiumitse bwino mtedza ndipo tileke kuunyowetsa posenda, chifukwa chuku chimaononga thanzi la mwana komanso chimatitsekera msika.

Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Chipatala chimapulumutsa mwana kwa masabata ochepa, koma zaka zotsalazo amadya za m'munda mwathu. Pamsonkhano wa kalabu ukubwerawu, tiitane mlangizi wa zaumoyo abwere ndi ziwerengero zake, ifenso tibwere ndi dongosolo lathu.