Dokotala Akapeza Kathumba pa Matumbo, Funsani Ndipo Zilembedwe

Amayi anzanga, ndinu amene mumagona pansi m'mawodi a chipatala cha Rumphi podikirira odwala. Tsiku lina dokotala akhoza kutuluka ku opaleshoni n'kukuuzani kuti wapeza kathumba pa matumbo a m'bale wanu, ndipo wakasiya, kapena wakachotsa. Musathamangire kunena kuti walakwitsa, kapena kuti wodwalayo analodzedwa.

Kathumbaka madokotala amakatcha Meckel's diverticulum, potengera dzina la Johann Meckel wa ku Germany amene anakafotokoza mu 1809. Munthu amabadwa nako. N'kotsalira pa kanjira kamene kamalumikiza matumbo ndi mchombo mwana akungoyamba kuumbika m'mimba, ndipo mayi sanalakwe chilichonse. Pafupifupi anthu 2 pa 100 alionse ali nako, ndipo ambiri amakalamba osadziwa. Nthawi zambiri kamapezeka pamene atsegula pamimba pa vuto lina, monga apendikisi.

Ine ndikuti kusiya ndi kuchotsa, zonse zikhoza kukhala zolondola. Kudula thumbo labwinobwino kuli ndi chiopsezo chake: posokedwapo pakhoza kudontha, kapena matumbo akhoza kumatana pambuyo pake. N'chifukwa chake kwa agogo, dokotala angaone kuti n'kwabwino kukasiya. Kwa mwana wamng'ono, kapena kathumbako kakakhala kotalika, kolimba kapena kokhala ndi kachingwe komangirira, madokotala ambiri amakachotsa.

Udindo wanu ndi kufunsa, paja safunsa anadya phula. Mwapeza chiyani? Mwachotsa kapena mwasiya? Kenako pemphani mwaulemu kuti alembe m'buku la kuchipatala. Pakapita zaka, wodwalayo akadzafika ku Bolero kapena ku Mhuju m'mimba mukupweteka, bukulo ndi limene lidzathandize a chipatala kumutumiza msanga ku Rumphi kapena ku Mzuzu Central.

Dziwaninso zizindikiro zoopsa. Mwana akamachita chimbudzi cha magazi ambiri, ngakhale asakumva kuwawa, kapena mimba ikatupa, akusanza zobiriwira ndipo chimbudzi sichikutuluka, musayambe ndi mankhwala azitsamba. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Pa msonkhano wanu wotsatira wa amayi ku parishi, kambiranani zimenezi, ndipo aliyense akayang'ane ngati mabuku a kuchipatala a pakhomo pake akusungidwa bwino.