Foni inene za mvula, koma tidzale nthaka ikavomereza

Dzinja likayandikira, mauthenga a zanyengo amachuluka pa WhatsApp ngati ngumbi. Wina atumiza chithunzi cha kamtambo kodontha madzi, wina akuti mvula yodzalira igwa Lachinayi. Ine ndikuti mapulogalamu a pafoni oonera nyengo ndi othandiza ndipo tiziwagwiritsa ntchito. Koma mbewu ndi feteleza zakwera mtengo, choncho tisataye zipangizo chifukwa cha kachithunzi kamene sitinakamvetse.

Choyamba tidziwe kumene foni imatenga ulosi wake. Mapulogalamu ambiri a m'foni alibe munthu woyeza mvula m'mudzi mwanu. Amadalira makompyuta akuluakulu akunja amene amagawa dziko m'zigawo za makilomita angapo, n'kupereka yankho limodzi pa chigawo chonse. Pomwe mvula yathu ya mu Novembala ndi Disembala imagwa mwa apo ndi apo: kutsidya kwa mtsinje yavumba, kuno fumbi lili koboo. Kompyuta singasiyanitse mudzi ndi mudzi chotero.

Tiwerengenso bwino manambala. Foni ikalemba 60%, ikunena mwayi woti mvula igwe, osati kuchuluka kwake. Ndiye kuti pa masiku 10 a nyengo yotere, mvula imagwa pa masiku 6. Kuchuluka kumalembedwa m'mamilimita. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo otalika mita imodzi, mulifupi mita imodzi. Mamilimita 3 amangopha fumbi, pomwe 25 kapena 30 amalowa pansi. Ulosi wa mawa ndi mkuja ndi wodalirika kuposa wa sabata yamawa, umene umasinthasintha.

N'chifukwa chake foni imathandiza kwambiri pa ntchito za tsiku limodzi kapena awiri. Feteleza wobereketsa wa Urea amafuna nthaka yachinyezi, koma mvula yamphamvu ikagwa mutangothira amakokoloka. Mankhwala opopera mbozi m'chimanga amasukika mvula ikagwa patangopita maola ochepa. Mtedza kapena chimanga choyanika chikanyowa chimachita chuku. Apa kuyang'ana foni m'mawa kungakupulumutsireni ndalama.

Koma pa nkhani yodzala, woweruza ndi nthaka. Chizimalupsa chanamiza alimi ambiri foni zisanabwere, ndipo chikunamizabe. Mvula ikagwa, tengani khasu mukumbe pamzere. Ngati chinyezi sichinalowe kuzama kwa chikhatho chanu, dikirani. Mbewu yodzala pa chinyezi chapamwamba imamera kenaka n'kupsa, ndipo mumagulanso ina. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kalabu iliyonse ingathenso kuika chitini choongoka mbali zake pamtetete, n'kumayeza madzi ndi rula m'mawa uliwonse. Mukamalemba m'kope, mudzaona nokha ngati pulogalamu yanu imalondola za dera lanu.

Posankha mbewu, funsani ulosi wa dzinja lonse umene nthambi ya boma yoona zanyengo imatulutsa mvula isanayambe. Mu 2023 nthambiyi inachenjeza za El Niño. Ng'amba inawomba mu Febuluwale 2024, ndipo mu Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Amene anamva chenjezo msanga anali ndi mpata wosankha mbewu zocha msanga, kuphimbira minda, ndi kudzalako chinangwa ndi mbatata. Kamtambo ka pafoni konena za mawa sikakanawauza zimenezo.

Tsono za kugawana mauthenga. Musanatumize uthenga ku gulu, dzifunseni: wachokera kuti, ndi wa tsiku liti, ndipo ukunena za dera liti? Mauthenga akale amabwerera chaka ndi chaka, ena ndi a mayiko ena. Anthu akanamizidwa kawiri katatu amasiya kukhulupirira, ndipo tsiku limene chenjezo lenileni lidzafike adzangoti ndi zija za pa WhatsApp. Namondwe Freddy atafika mu Malichi 2023, anapha anthu mazanamazana ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Pa nthawi yotere, kukhulupirira chenjezo ndiko kupulumuka. Choncho uthenga wa namondwe kapena kusefukira kwa madzi muziutsimikiza ku nthambi yoona zanyengo, pa wailesi kapena kwa alangizi.

Ukakhala woona, usathere m'foni. Agogo a kuseri kwa nyumba yanu alibe foni yamakono, koma nawonso ali ndi munda. Alimi otsogolera, werengerani anzanu ulosi pa msonkhano wa kalabu, mufotokoze tanthauzo la manambala, kenaka mupite limodzi kumunda mukakumbe muone chinyezi musanatsegule paketi ya mbewu.